Kuwotcha khansa ya m'mapapo ndi cheza: zofunika kwa wodwala ndi omudwazika

Radioterapia ndi chithandizo chimene madokotala amalunjikitsa cheza champhamvu pa chotupa cha khansa kuti maselo ake afe, popanda kung'amba thupi. Dzina limeneli ndi limene mudzaliona pa mapepala a kuchipatala. Pakamwa pa anthu, kuyambira m'bairro la Josina Machel mumzinda wa Tete mpaka ku Ulónguè, mawu odziwika ndi akuti "kuwotcha". Mawuwa ndi oopsa kumva, ndipo wodwala akangowamva amaganiza za moto kapena chitsulo chofiira.

Palibe moto uliwonse. Cheza chake ndi cha mtundu umodzi ndi chija chojambulira mafupa pa raio-X, chimene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira mu 1895, kungoti mphamvu yake ndi yochuluka kwambiri. Chikalowa m'thupi chimawononga DNA, malangizo amene ali mkati mwa selo lililonse. Maselo abwino amadzikonza pakati pa lero ndi mawa. Maselo a khansa sadzikonza bwino, choncho amafa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake chithandizochi chimaperekedwa pang'ono tsiku lililonse, ndiponso chotupa chimapitiriza kuchepa kwa milungu ingapo munthu atamaliza kale.

Khansa imene imabisala kumbuyo kwa chifuwa chachikulu

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mapapo, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira nayo. Palibe khansa ina imene imapha anthu ochuluka chotere. Pafupifupi odwala 85 mwa 100 aliwonse amadwala chifukwa cha fodya. Otsalawo ndi amene apuma utsi wa anzawo osuta, utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba zosapita mphepo, kapena fumbi la miyala ya m'migodi kwa zaka zambiri. Ena amadwala osasutapo ndi kamodzi komwe.

Vuto lalikulu m'chigawo chathu ndi lakuti zizindikiro zake ndi zomwezo za TB: kutsokomola kosatha, makhololo a magazi, kuonda, kupweteka m'chifuwa, kubanika. TB ndi yofala kwambiri kuposa khansa, ndiye sizolakwika kuti achipatala ayambe ayeza TB. Koma ngati makhololo ayezedwa pa makina a GeneXpert osapezeka kachilombo, kapena munthu wamwa mankhwala a TB mokhulupirika kwa miyezi iwiri koma akungoonda, nthawi yofunsa za khansa yakwana, makamaka kwa munthu wa zaka zopitirira 40 amene anasutapo kapena anagwirapo ntchito mumgodi. Mawu osasa kwa milungu yambiri, kutupa kwa nkhope ndi khosi, ndi anabele olimba pamwamba pa fupa la phewa ndi zizindikiro zina zofunika kuuza dokotala. Munthu mmodzi akhozanso kukhala ndi matenda onse awiri.

Khansa imatsimikizika pokhapokha kanyama kakang'ono katadulidwa pa chotupa n'kuyezedwa. Zotsatira zake zimanena mtundu wa khansayo. Mtundu wa maselo ang'onoang'ono umafalikira msanga ndipo chithandizo chake chachikulu ndi mankhwala a quimioterapia, cheza n'kumathandizira. Mtundu winawo, umene uli ndi odwala ochuluka, umachizidwa ndi opaleshoni ukapezeka msanga, kapena ndi cheza pamodzi ndi mankhwala ukakhala kuti wafika m'anabele a m'chifuwa.

Njira yochokera ku Tete

Mumzinda wa Tete mulibe makina owotchera khansa. Makina a boma ali ku Hospital Central de Maputo, kumene gawo la radioterapia linatsegulidwa mu Malichi 2019 ndi pulezidenti wa nthawiyo, Filipe Nyusi, mothandizidwa ndi bungwe loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse la IAEA. Chaka chimenecho chisanafike, wodwala wofunika cheza ankayenera kutuluka m'dziko, makamaka kupita ku South Africa kapena ku India. M'chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko yolimbana ndi khansa ya zaka za 2019 mpaka 2029.

Munthu wa ku Josina Machel, Matundo kapena Chingodzi amayambira pa Centro de Saúde yapafupi, n'kutumizidwa ku Hospital Provincial de Tete. Kuchokera pamenepo madokotala ndi amene amaona ngati apite ku Hospital Central da Beira, chipatala chachikulu cha zigawo zapakati, kapena ku Maputo. Pepala lofunika kwambiri ndi guia de transferência. Kunyamuka popanda pepalali, pongomva kuti ku Maputo kuli makina, n'kutaya ndalama: gawo la radioterapia silingayambe kanthu popanda zotsatira za kanyama kaja ndi zithunzi za TAC.

Ulendo wa pamsewu umadutsa Changara, Catandica, Chimoio ndi Inchope, kenako n'kutsika ndi EN1 kuwoloka mtsinje wa Save. Ndi makilomita opitirira 1,500. Kwa munthu wobanika ndi ulendo wolemetsa, ndipo banja limene lingakwanitse tikiti ya ndege yonyamukira pa bwalo la Chingodzi lisaone ngati kuwononga. Musananyamuke, pemphani achipatala akutsimikizireni tsiku limene mukuyembekezeredwa. Makina amenewa, kulikonse padziko, amaimitsidwa nthawi zina kuti akonzedwe, ndipo odwala oyembekezera amakhala ambiri.

Mabanja a m'malire amayang'ananso kwa anansi. Ku Lusaka kuli Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007. Ku Blantyre, kumene kuli pafupi kwambiri ndi Tete podzera pa Zóbuè, chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre chinayamba kupereka chithandizo cha cheza mu 2024. Mlendo amalipira, ndipo mtengo wonse uyenera kufunsidwa munthu asanayambe, chifukwa chithandizo chosiyira pakati n'choipa kuposa kudikira pang'ono kuti chiyambike pamalo pamene chidzathe.

Funso loyamba kwa dokotala

Cheza chimaperekedwa pa zolinga ziwiri zosiyana, ndipo wodwala ali ndi ufulu wodziwa cholinga chake.

Choyamba ndi kuyesa kuchiza. Izi zimatheka khansa ikakhala kuti sinatuluke m'chifuwa. Mlingo wa cheza umawerengedwa mu gray, polemba amafupikitsa kuti Gy. Mlingo wodziwika ndi 60 Gy wogawidwa masiku 30, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu isanu ndi umodzi. Zipatala zina zimapereka 55 Gy m'masiku 20. Kawirikawiri pamakhalanso mankhwala monga cisplatin kapena carboplatin, amene amawonjezera mphamvu ya cheza komanso amawonjezera zovuta zake.

Chachiwiri ndi kuchepetsa mavuto pamene khansa yafalikira kale. Apa masiku amakhala ochepa: limodzi, awiri, asanu kapena khumi. Chithandizo chachifupichi chimaletsa magazi otuluka potsokomola, chimachepetsa ululu wa m'chifuwa ndi wa m'mafupa, ndipo nthawi zina chimatsegula njira ya mpweya imene chotupa chinatseka. Sichichotsa khansa, koma munthu amene sankagona chifukwa cha ululu amayamba kugona, ndipo zimenezo si zazing'ono. Odwala ambiri a kuno amapezeka matenda atapita kale patali, choncho njira imeneyi ndi imene ambiri adzaimve.

Pali chizolowezi chakuti achibale amauza dokotala kuti "musawauze eni ake, angataye mtima". Chimachokera m'chikondi, koma pa nkhani iyi chimapweteka. Amene adzayende makilomita 1,500, kugona kwa eni milungu isanu ndi umodzi ndi kuvutika kumeza ndi wodwalayo. Ng'ombe kapena munda umene ugulitsidwe ndi wake. Munthu wamkulu akauzidwa zoona mofatsa, pali abale ake, amasankha bwino, ndipo wina amasankha chithandizo chachifupi kuti abwerere kwa ana ake msanga.

M'chipinda cha makina

Tsiku loyamba si lowotcha. Ndi lojambula TAC yokonzekera. Wodwala amagona chagada pa bedi lolimba, manja atakwezedwa pamwamba pa mutu, ndipo mmene wagonera tsiku limenelo ndi mmene adzagonere masiku onse. Ngati phewa likupweteka kapena simungathe kugona chagada popanda kubanika, nenani pomwepo kuti akonze kagonedwe kapena akupatseni mankhwala. Pakhungu amalemba zizindikiro ndi inki, kapena kuboola timadontho tosafufutika tating'ono ngati njere ya chitowe. Ngati zili za inki yokha, musazichape.

Kenako pamadutsa masiku angapo, mwina milungu, pamene dokotala ndi katswiri wa fiziki akuwerengera pa kompyuta njira imene cheza chidzalowere kuti chipewe mtima, mtsempha wa mumsana ndi phapo labwino. Kudikira kumeneku sikutanthauza kuti mwaiwalidwa.

Tsiku lililonse la chithandizo limatenga mphindi 10 mpaka 20, ndipo zambiri mwa izo zimathera pokugonekani bwino. Cheza chenicheni chimayaka mphindi zochepa. Makina amazungulira ndi kulira, koma sakukhudzani, ndipo simumva kutentha kapena kupweteka. Ogwira ntchito amatuluka m'chipindamo chifukwa iwo amakhala pamenepo tsiku lonse chaka chonse. Amakuonani pa kamera ndipo amakumvani. Pumani mmene mumapumira nthawi zonse. Chifuwa chikakugwirani, tsokomolani osadzuka, iwo aimitsa makina.

Mukatuluka simunyamula cheza m'thupi. Mukhoza kunyamula mdzukulu, kudyera mbale imodzi ndi ena, kugona pamphasa imodzi ndi mkazi kapena mwamuna wanu. Khansayonso siyopatsirana, ngakhale munthu akutsokomola. Kupatula wodwala mbale ndi kapu kulibe phindu lililonse, kumangomuwonjezera chisoni.

Chimene chili choopsa ndi kujomba. Maselo a khansa amene atsala amachulukananso pa masiku amene munthu wadumpha, ndipo mwayi wochira umachepa. Ngakhale mutadzuka ofooka, pitani mukawauze. Iwo ndi amene aone ngati mupume. Maliro akagwa kumudzi pakati pa chithandizo, banja limasule wodwalayo poyera kuti asabwere. Mayi amene akukayikira kuti ali ndi pakati anene asanajambulidwe, ndipo amuna ndi akazi omwe alere pa nthawi ya chithandizo ndi miyezi yotsatira mmene dokotala anenere. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda anenenso.

Kummero: vuto limene limagwetsa ambiri

Njira ya chakudya imatsika pakati penipeni pa chifuwa, pafupi ndi anabele amene khansa ya m'mapapo imakonda kufikamo. Cheza sichingaipewe kwathunthu. Mlungu wachiwiri kapena wachitatu munthu amayamba kumva ngati chakudya chikukakamira pachifuwa, kenako kumeza kumawawa ngati pali chilonda. Kwa amene akulandiranso quimioterapia zimakula kwambiri. Ululuwu umafika pachimake kumapeto, ndipo nthawi zambiri umapitirira kukula kwa mlungu umodzi kapena iwiri chithandizo chitatha, kenako n'kuyamba kuzilala. Ambiri amayambanso kudya bwino pakatha milungu ingapo. Dziwani zimenezi msanga, kuti musadzaganize kuti khansa yakwera kummero.

Munthu amene wasiya kudya amaonda, amafooka, ndipo chithandizo chimaimitsidwa. Ndiye chakudya pa nthawi imeneyi chili ngati mankhwala. Musadikire njala kapena nthawi ya nsima. Idyani pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu. Phala lamadzimadzi lotendera nsinjiro, lothira supuni ya mafuta ophikira, shuga ndi mkaka, limaposa mbale ya nsima imene wodwala angoiyang'ana. Dzira lophwanyira m'phala lili pamoto, chipere cha nyemba, maungu kapena mbatata yonyenyanyenya, nthochi yakupsa, peyala, papaya, msuzi wa nkhuku, nsomba ya pende yochotsa minga bwinobwino: zonsezi zimatsika mosavuta. Amene sangakhale popanda nsima aphikiridwe yofewa, adye ndi therere, chifukwa limatereretsa. Kapenta wa ku Cahora Bassa ali ndi chakudya chabwino, koma asinjidwe kukhala ufa n'kuthiridwa m'ndiwo, osati wokazinga.

Zimene mwana wa ku Tete amanyadira ndi zimene ayenera kuyamba wasiya. Nyama ya mbuzi yowotcha ndi yolimba. Chicoa ndi yamchere kwambiri. Malambe ndi masau ndi owawasa ndipo amalasa pachilonda, chimodzimodzi mandimu, malalanje ndi zakumwa za gasi. Tsabola, chimanga chokazinga, buledi wouma ndi tiyi wotentha kwambiri zidikire. Mowa wamtundu uliwonse, makamaka kachasu, umapsereza njira imene yatupa kale. Chakudya chikhale chofunda pang'ono kapena chozizira. Mukadya khalani tsonga kwa theka la ola musanagone.

Madzi akhale pafupi nthawi zonse, ndipo muzimwa pang'onopang'ono mpaka malita awiri patsiku ngati dokotala sanaletse. Mkodzo wochepa ndi wofiirira ndi chizindikiro chakuti madzi akuchepa m'thupi.

Ululu wa kummero uli ndi mankhwala, ndipo kupirira mwakachetechete si ulemu. Dokotala akhoza kupereka paracetamol, mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba, kapena morfina wakumwa. Chinsinsi ndi kumwa mankhwala a ululu theka la ola musanadye. Mkamwa mukaoneka zoyera ngati mkaka wogona, ndi matenda a mafangasi amene amatsikira kummero. Amachizika ndi fluconazole kapena nystatin, ndipo amavutitsa kwambiri anthu amene ali ndi HIV. Pemphani kukwera sikelo mlungu uliwonse. Tsiku lathunthu likadutsa osatha kumeza ngakhale madzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kutopa ndi khungu

Kutopa kwa chithandizochi sikufanana ndi kwa munthu wochokera kumunda. Sikutha ndi tulo. Kumawonjezeka mlungu ndi mlungu, ndipo kukhoza kutenga miyezi iwiri kapena itatu kuti kuchoke. Chodabwitsa n'chakuti kugona tsiku lonse kumakukulitsa. Kuyenda pang'ono m'mawa kapena madzulo, ngakhale mphindi khumi, kumathandiza kuposa kukhala pamphasa. Ntchito yofunika ichitike nthawi imene mphamvu zilipo, zina zisiyidwe kwa ena. Kutopa kukabwera ndi chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima, magazi ayezedwe, chifukwa mwina achepa.

Khungu la pachifuwa ndi la kumsana, kumene cheza chimatulukira, likhoza kuda, kuuma ndi kuyabwa. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye nenani mukamva kuyabwa kapena kuwawa. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wopanda fungo, ndi dzanja lokha, osakhula ndi mwala kapena chinkhupule, ndipo popukuta muzingogunditsa nsalu. Dzolani mafuta okhawo amene achipatala avomereza. Musathowe ndi madzi otentha, musapake mankhwala otentha aja a chimfine, ndipo pamalopo pasatemedwe mphini: khungu lowotchedwa limachedwa kupola ndipo bala limalowa tizilombo msanga. Malaya akhale a thonje, otakasuka. Dzuwa la Tete la mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, si la munthu wovula malaya, ndipo malo owotchedwawo amakhala osalimba padzuwa kwa chaka kapena kuposerapo.

Tsitsi limathothoka pokhapo pamene cheza chadutsa. Kuwotcha pachifuwa sikuthothola tsitsi la kumutu. Likathothoka ndi chifukwa cha quimioterapia, kapena ngati cheza chaperekedwanso kumutu.

Kutsokomola kukhoza kuwonjezeka pa milungu ya chithandizo, makhololo n'kukhala ochuluka kapena olimba. Kumwa madzi kumawafewetsa. Pobanika, khalani pansi, weramirani kutsogolo manja ali pamaondo, kokani mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka ngati mukuuzira phala.

Fodya, ma ARV ndi mankhwala azitsamba

Ambiri amati, "khansa ndadwala kale, kusiya fodya kundithandiza chiyani?" Kumathandiza. Cheza chimapha bwino maselo amene ali ndi mpweya wabwino wokwanira, ndipo utsi wa fodya umachepetsa mpweya umenewo m'magazi. Wosuta amavutikanso kwambiri kummero ndi pachifuwa. M'chigawo chimene fodya amalimidwa ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, ndipo wopichira pamanja sasowa, kusiya n'kovuta, koma chingambwe si chabwino kuposa ndudu za m'sitolo. Onse a m'nyumbamo asute panja kapena asiye limodzi naye. Mbaula ya makala isayake m'chipinda chimene wodwala amagona.

Amene amamwa ma ARV asasiye ngakhale tsiku limodzi. Auze dokotala wa khansa mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo a TB, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, ndipo asananyamuke ku Tete apemphe mankhwala okwanira ulendo wonse kapena pepala lokatengera ku Maputo. Piritsi likakanika kumezeka, afunse asanaliphwanye. Ibuprofen ndi diclofenac zogula pamsika zikhoza kuvulaza impso za munthu amene akulandira cisplatin.

Za zitsamba tinene mosabisa. Mabanja ambiri amayenda njira ziwiri, kuchipatala ndi kwa sing'anga kapena kumapemphero. Pemphero silisokoneza cheza. Koma mankhwala akumwa osadziwika mphamvu yake akhoza kulemetsa chiwindi ndi impso pa nthawi imene zikulimbana kale ndi quimioterapia, ndipo osanzitsa kapena otsegula m'mimba amamaliza madzi m'thupi la munthu amene akulephera kale kumwa. Kusala kudya pa milungu imeneyi n'koopsa. Aliyense wonena kuti musiye chithandizo cha kuchipatala kuti mugule botolo lake akufuna ndalama zanu.

Wodwazika

Ku Maputo anthu amalankhula Chipwitikizi, Chichangana ndi Chironga. Wodwala amene amamasuka m'Chinyanja kapena Chinyungwe chokha apite ndi munthu womva bwino Chipwitikizi, amene sachita manyazi kufunsa dokotala kawiri. Akhale ndi kope lolembamo masiku, mayina a mankhwala ndi mafunso. Mapepala onse ajambulidwe pafoni, chifukwa chikwama chimatayika.

Odwala ambiri a radioterapia sagonekedwa, amachita kuyendera. Malo ogona, chapa ya tsiku ndi tsiku ndi chakudya cha anthu awiri kwa milungu yoposa isanu ndi umodzi ndi zimene zimadya ndalama zambiri. Abale agwirizane asananyamuke kuti ndani azitumiza zingati pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo tsiku liti, m'malo modikira foni yodandaula. Funsani ofesi ya Acção Social ya pachipatala za thandizo limene lilipo. Wogwira ntchito yolembedwa amene amadulidwa ndalama za INSS afunse za ndalama za wodwala, ndipo asunge mapepala a dokotala osonyeza masiku amene sanagwire ntchito. Mu Juni ndi Julayi ku Maputo kumazizira kuposa mmene munthu wa m'mbali mwa Zambezi anazolowera, tengani chofunda.

Wodwazika nayenso amatopa, ndipo kawirikawiri amakhala mayi mmodzi amene wasiya ana ndi geni yake. Ngati n'kotheka asinthane ndi wina pakati pa ulendo. Wodwala akayamba kukwiya msanga, kusagona kapena kungokhala duu, si mwano. Mantha ndi kufooka zimatero, ndipo zikapitirira milungu iwiri auzidwe dokotala, chifukwa kuvutika maganizo nakonso kuli ndi chithandizo.

Mutabwerera kwanu

Tsiku lomaliza musachoke popanda pepala lonena malo amene anawotchedwa, mlingo wake ndi masiku ake, komanso tsiku lodzaonedwanso. Pepala limeneli lidzagwira ntchito ku Tete, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi chithandizo chitatha, odwala ena amatupa phapo pamalo pamene cheza chinadutsa. Amayamba kutsokomola kouma, kubanika akayenda pang'ono, ndi kutentha thupi pang'ono. Zimafanana kwambiri ndi chibayo kapena TB, ndipo wachipatala amene sakudziwa kuti munthuyu anawotchedwa akhoza kupereka mankhwala a matenda amenewo okha. Kutupa kumeneku kumachizidwa ndi prednisolone kwa milungu ingapo, atatsimikiza kuti si tizilombo. Mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo amakweza shuga m'magazi, choncho wodwala shuga aziyezetsa pafupipafupi. Pambuyo pake pamalopo pamatsala chipsera chimene chidzaoneka pa raio-X moyo wonse. Chipsera si khansa yobwerera, si TB. Onetsani pepala lija nthawi iliyonse mukajambulidwa.

TAC yoona mmene chotupa chachepera imajambulidwa pakapita milungu ingapo, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa kujambula msanga kumangoonetsa kutupa.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la pa kadi. Thamangirani ku Banco de Socorros, usiku kapena usana, ngati wodwala akutsokomola magazi ofiira opitirira supuni imodzi kapena osaleka. Ngati wabanika mwadzidzidzi kapena akubanika atangokhala. Ngati nkhope, khosi ndi manja zatupa, mitsempha ya pachifuwa n'kutukumuka. Ngati mwendo umodzi watupa ndi kupweteka. Kapena ngati wasokonezeka mutu, wakomoka, kapena mutu ukumupweteka kwambiri ndi kusanza. Kutentha thupi kofika madigiri 38 mwa munthu amene walandira quimioterapia posachedwa n'kwangozi, chifukwa asilikali a m'magazi amakhala atachepa. Ayezedwe malungo, inde, koma ayezedwenso magazi tsiku lomwelo, ndipo musaphimbe kutenthako ndi paracetamol musanayeze. Kachipangizo koyezera kutentha thupi kakhale m'nyumba. Chizindikiro china chimene anthu amachinyalanyaza ndi msana wopweteka kwambiri pamodzi ndi miyendo yofooka kapena yadzanzi, kapena kulephera kukodza. Apo khansa ikhoza kukhala ikupanikiza mtsempha wa mumsana, ndipo kuchedwa kwa tsiku limodzi kapena awiri kukhoza kusiya munthu osayendanso.

Za morfina anthu amanong'onezana kuti ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kutisiya. Si zoona. Amaperekedwa pa ululu waukulu pa msinkhu uliwonse wa matenda, amathandizanso kubanika, ndipo ambiri amene anamumwa chifukwa cha kummero amamusiya akachira. Amwedwe pa maola amene alembedwa, osadikira kuti ululu ubwerere. Pafupifupi aliyense womumwa amadzimbidwa, ndiye pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo mukumulandira. Botolo lisungidwe pamalo okhoma, kutali ndi ana, ndipo mubwerere kuchipatala kukatenga wina kukadali masiku angapo asanathe.